Sitinamve Kuti Tikugwa

Aliyense amene wamva kuti ndinapulumuka pa ngozi ya ndege amayamba ndi funso limodzi: kodi injini inazima? Ena amafunsa ngati mafuta anatha, kapena ngati kunali mphepo yamkuntho. Ndikayankha kuti ayi, amandiyang'ana mokayikira, poganiza kuti pali zimene ndikubisa. Ine ndine makaniko. Ntchito yanga ndi kumvetsera injini, ndipo ija ndinaimvetsera mpaka kumapeto. Inkalira bwinobwino. Mafuta analipo okwanira, moti ena ananditayikira pamalaya. Kunalibe mvula, kunalibe mphepo, kunalibe ndi mtambo womwe. Ndege yopanda vuto lililonse inalowa m'mitengo chifukwa amene ankaiyendetsa sankaona, ndipo thupi lake linkamunamiza. Langanso linkandinamiza chimodzimodzi.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinapita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo nditavutika kanthawi m'tauni ndinapeza ntchito pa famu ya chimanga kumadzulo kwa chigawo cha Free State. Kumeneko dziko ndi lathyathyathya, minda ndi yoti sungaone malire ake, ndipo nyumba ya mnzako woyandikana naye imakhala pamtunda wa makilomita ambirimbiri. Ndinkakonza mathirakitala, mapampu a madzi ndi makina okololera. Chimanga chimasiyidwa kuti chiumire m'munda, kenako chimakololedwa m'nyengo yozizira, cha mu June ndi July. Nthawi imeneyo makina okololera akaima, famu yonse imaima: malole amangodikira, anthu amangokhala, ndipo abwana sagona.

Abwana anali ndi kandege ka mtundu wa Cessna 172, ka mipando inayi, injini imodzi, mapiko pamwamba. Alimi ambiri a kumeneko ali nato timandege totere, ndipo amalambula kamsewu kuseri kwa mashedi kuti tizitera. Maso a abwana aakulu anali atayamba kufooka, ndiye anakasiyira mwana wawo wamwamuna, mnyamata wa zaka zongopitirira 20, amene chaka chinali chisanathe chilandirireni chiphaso chake choyendetsera ndege. Ife tinkamutchula bwana wamng'ono, iye ankanditchula madala.

Ndikufuna zimveke bwino kuti mnyamatayu sanali wopusa kapena wamatama. Sankamwa. Asananyamuke ankazungulira ndege yonse, kugwiragwira mapiko, kuona matayala, kukhetsera petulo m'kabotolo n'kumuyang'anitsitsa ngati muli madzi. Ankawerenga mokweza mndandanda wa zofunika kuona, ngakhale ali yekha. Ndinali nditakwerapo naye masana kukayendera ng'ombe ndi mipanda, ndipo ankatera mofewa moti sunkadziwa kuti matayala agunda liti pansi. Anthu akamva za ngozi ngati yathu amafulumira kuganiza za mwana wachibwana. Uyu anali wosamala. N'chifukwa chake nkhaniyi ndimainena.

Tsikulo pampu ya haidiroliki ya makina okololera inafa m'mamawa. Ina inapezeka ku Bloemfontein. Pa galimoto likanakhala tsiku lonse kupita ndi kubwera, koma pa ndege unali ulendo wosakwana ola limodzi. Anati ndipite nawo kuti ndikaione ndi maso anga, kuopa kubwera ndi yolakwika. Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, kunja kuli mbee. Titafika tinapeza kuti pampu imene anatisungira inali ya makina a mtundu wina. Yoyenera inali kumalo ena osungira katundu, ndipo anati tidikire pang'ono. Pang'onopo panakhala maola. Pamene tinkabwerera kubwalo la ndege, pampu ili m'katoni, dzuwa linali litapendeka kwambiri. M'miyezi imeneyo kumeneko limalowa isanakwane hafu pasiti faifi.

Bwana wamng'ono anaimbira foni bambo ake ataima pafupi ndi phiko. Ndinkamva mbali yake yokha. Anati zanyengo waona, mitambo kulibe. Anati njira akuidziwa, ndipo GPS ali nayo pa tabuleti. Anati maphunziro ouluka usiku anawayamba kale, kwangotsala pang'ono kuti amalize. Kenako anati, "Ingoikani magalimoto awiri a bakkie pa kamsewu, muyatse magetsi." Atadula foni anandimwetulira.

"Madala, tifika kusanade kwenikweni. Mawa m'mawa makina akhala akuyenda."

Tinamangirira katoni pa mpando wakumbuyo, ine n'kukhala kutsogolo kudzanja lamanja, mahedifoni kumutu. Tinanyamuka kumadzulo kudakali kofiira.

Chimene lipoti la zanyengo silinamuchititse mantha nacho chinali utsi. Nyengo yozizira udzu wa ku Free State umauma gwaa, ndipo moto wolusa umabuka apa ndi apo. Madzulo mpweya ukazizira, utsiwo sukwera, umayala pamwamba pa dziko. Ukaima pansi n'kuyang'ana kumwamba, nyenyezi umaziona, n'kumati kunja kuli bwino. Koma ukakhala m'ndege suyang'ana molunjika kumwamba, umayang'ana kutsogolo mopingasa, ndipo maso amayenera kubowola utsi wa makilomita ambiri. Komanso usiku umenewo mwezi kunalibe.

Magetsi a mumzinda atatsalira m'mbuyo, kufiira kwa kumadzulo kunasanduka kotuwa, kenako kunazimiririka. Mzere umene thambo limakumanirana ndi dziko unasowa. Sunasowe mwadzidzidzi. Ndinangozindikira kuti papita kanthawi ndisakuuona. Kutsogolo kunali bii, kumbali bii. Apa ndi apo kunkaoneka kanyali kamodzi, koma sukanatha kunena ngati ndi nyumba ya pa famu kapena nyenyezi. Bwana wamng'ono anasiya kucheza. Ankayang'ana pa tabuleti, imene inkawala kwambiri n'kumamuwalitsa kumaso, kenako n'kusuzumira panja, kenako pa tabuleti pomwepo.

Choyamba kusintha chinali kulira kwa injini. Inayamba kukwera mawu popanda wina kuikhudza. Mphepo nayo inayamba kuwomba mwaukali m'mbali mwa zitseko. Khutu la makaniko linandiuza kuti makina akuthamangitsidwa ndi chinachake, monga imachitira galimoto pamtsetse. Koma thupi langa linali phee pampando, mutu uli chilili, osapendekera kulikonse. Ndinangomva kulemedwa, manja ngati andimangirira miyala, matako akukanikizika pampando.

Kutsogolo kwa woyendetsa ndege kumakhala mageji angapo. Pali ina yozungulira, theka lake la pamwamba ndi la buluu, la pansi lofiirira, pakati pali kachithunzi ka mapiko. Imeneyo imasonyeza ngati ndege yaima mowongoka. Ndinaona mzere wake utapendekeratu. Geji ina, yosonyeza kutalika kumene tili, muvi wake unkazungulira chobwerera m'mbuyo. Bwana wamng'ono anagogoda galasi la geji yoyamba ija ndi chala.

"Yafa iyi," anatero. "Tili bwinobwino. Ikunama iyi."

Ndinamukhulupirira, chifukwa nanenso ndinkamva kuti tili bwinobwino. Anakoka chiwongolero kuti ndege ikwere. Kulemedwa kuja kunawonjezeka, phokoso linakula, muvi uja unathamanga kwambiri.

Chimene chinatipulumutsa ulendo woyambawo ndi moto womwewo umene unabweretsa utsi. Pa windo la mbali yake ndinaona mzere wofiira wa moto wolusa, utaima chopendekera, pamalo pamene maganizo anga ankati ndi kumwamba. Ndinakuwa kuti, "Moto uwo! Uli pamwamba bwanji?" Anauona. Anatukwana m'chinenero chawo, anabweza mphamvu ya injini, anayang'anitsitsa geji imene ankati yafa ija, n'kuwongola mapiko motsatira iyoyo. Kenako anakoka pang'onopang'ono. Apa ndi pamene panachitika chodabwitsa chimene sindidzaiwala: geji itasonyeza kuti tawongoka, thupi langa linayamba kumva kuti tapendekera mbali inayo. Ndinagwira chitseko kuopa kugwera pa iye. Nayenso anali atapinda khosi, thupi lonse litatsamira mbali imodzi, akulimbana ndi dzanja lake lomwe kuti lisabwezere ndege mmene inalili.

Tinakwera pang'ono. Ndinkamva kupuma kwake m'mahedifoni. Anati, "Pepani madala. Basi zatha. Tatsala pang'ono." Kumbuyo kwathu kunali bwalo lalikulu la ndege, la magetsi mbali zonse, la anthu olankhula nawo pa wailesi. Kutsogolo kunali kamsewu kafumbi ndi ma bakkie awiri. Koma kwathu kunali pafupi, ndipo munthu amene wachita mantha amafuna kwawo.

Magetsi a ma bakkie tinawaona patali, timadontho tinayi mumdima wa ndiwe yani. Pozungulira ponse panalibe china chowala, ngakhale nyumba, ngakhale msewu. Anatsitsa mafulapu a pa mapiko, anachepetsa liwiro, n'kulunjika timadonthoto. Kwa ine zinkaoneka kuti tili pamwamba kwambiri, ndipo tikapanda kutsika msanga tipitirira. Iyenso anaona chomwecho, chifukwa anati, "Takwera kwambiri," n'kutsitsa mphuno ya ndege. Injini inkalira mofatsa. Ndinayamba kumasuka mumtima. Ndinkaganiza za madzi otentha osamba.

Kenako timagetsi tija tinazima tonse nthawi imodzi. Sitinazime ayi. Pakati pa ife ndi ito panali patalowa mzere wa mitengo ya bulugama, yotchinga mphepo, imene inali kutali ndithu ndi poyambira kamsewu. Masana tinkaidutsa pamwamba osaiganizira n'komwe. Nyali ya pa phiko inaonetsa masamba, ndipo ndinamva iye akukankha mphamvu yonse ya injini. Injini inayankha. Koma nthawi inali itatha.

Za kugundako ndimakumbukira phokoso la chitsulo chikung'ambika, basi. Nditatsitsimuka ndinali chafufumimba, lamba atandigwira pachifuwa, mutu uli pansi. Ndege inali itagadabuzika m'munda wokololedwa kale. Kunali zii, kupatula kuthetheka kwa injini ikuzizira ndi kudontha kwa petulo. Fungo lake linali paliponse. Ndinadziwa kuti kamoto kakang'ono kokha kakanatimaliza. Ndinafufuza ndi dzanja mumdima pamene ndinkaona iye akuzimitsa magetsi a ndege masiku onse, n'kukanikiza maswichi ofiira aja. Ndinamasula lamba n'kugwera padenga. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ntchafu yanga yathyoka.

Bwana wamng'ono ankapuma mokoka. Ndinamuitana, sanayankhe. Ndinamugwira dzanja n'kumamulankhula m'Chichewa, chinenero chimene sankachimva, chifukwa Chingerezi chonse chinali chitandithawa. Kunkazizira koopsa. Usiku wa nyengo imeneyo ku Free State madzi amaundana m'mabeseni. Ndinamva ma bakkie akubwera modula m'munda, anthu akukuwa, matochi akuvinavina. Woyamba kufika anali bambo ake. Anzanga a pa famu anandikokera kunja n'kundifunditsa majekete awo. Wina anakumbukira kuuza anzake kuti asayatse fodya. Ambulansi inachokera kutali, pa misewu yafumbi. Mnyamata uja anamwalira tisanafike kuchipatala.

Ine anandiika chitsulo m'ntchafu, nthiti zingapo zinali zothyoka, ndipo nkhope anaisoka kuyambira pa nsidze mpaka pa tsaya. Kumudzi uthenga unafika usiku womwewo pa WhatsApp, koma unafika wopotoka: anamva kuti tafa tonse. Mayi a ana anga analira maliro anga mpaka m'mawa, pamene namwino wina wachifundo anandigwirizira foni kukhutu kuti amve mawu anga. Pambuyo pake abale anayamba kunena zambiri. Ena anati alipo amene sanakondwe ndi nyumba ya malata imene ndinkamanga. Ena, pofuna kunditonthoza, anati chakudza sichiimba ng'oma. Ndinkawayamikira, koma mumtima ndinkakana. Ichi chinaimba ng'oma. Chinaimba pamene pampu inachedwa, chinaimba pamene dzuwa linapendeka, chinaimbanso mwamphamvu pamene tinaona moto pamwamba pa mitu yathu.

Ofufuza za ngozi za ndege anabwera kudzandifunsa, ndipo ndinawauza zonse monga ndanenera pano. Koma amene anandimasulira zimene zinachitika m'thupi mwanga anali mkulu wina wopuma pantchito yophunzitsa anthu kuyendetsa ndege, mnzawo wa abwana, amene ankabwera kudzandiona. Ndinamufunsa chimene chinkandisowetsa tulo: zinatheka bwanji kuti anthu awiri amaso, osaledzera, asamve kuti ndege yapendeka ndipo ikugwa?

Anandiuza kuti mkati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika, todzaza ndi madzi. Mutu ukatembenuka, madziwo amatsalira pang'ono, ndipo ubongo umadziwa kuti watembenuka. Koma ndege ikapendeka pang'onopang'ono, mosapitirira madigiri awiri pa sekondi, madziwo sagwedezeka mokwanira, ndipo ubongo sumva kanthu. Ngakhale itakhota mwamphamvu, ikakhalitsa ikukhota kwa masekondi pafupifupi 20, madzi aja amayamba kuyendera limodzi ndi timachubu, ubongo n'kumati kukhota kwatha. Ukawongola, madzi amagwedezekera mbali inayo, ndipo umamva ngati wayamba kukhota chakumeneko. Masana maso amakonza bodza limeneli tisanalizindikire, chifukwa amaona dziko. Dziko likasowa, bodza limalamulira.

Nanga kulemedwa kuja? Anandikumbutsa za chidebe cha madzi chimene mwana amachizunguza ndi dzanja mpaka pamwamba pa mutu, madzi osatayika. Madziwo amakanikizika pansi pa chidebe ngakhale chitazondoka. Munthu wa m'ndege yokhota ali ngati madzi amenewo: mpando umamukanikiza molunjika, ndiye amaganiza kuti pansi pa mpando ndiye pansi pa dziko. Ndipo akaona kuti akutsika n'kukoka chiwongolero mapiko ali chipendekere, sakwera. Amangofinya bwalo limene akuzunguliralo, n'kutsika mofulumira kuposa kale.

Za mitengo ija anati nalonso ndi bodza la maso lodziwika bwino. Ukamatera usiku pamalo pamene pakati pa iwe ndi magetsi a bwalo palibe chowala chilichonse, maso amasowa poyezera, ndipo kawirikawiri umaona ngati wakwera kwambiri pamene uli m'munsi. Ndiye chifukwa chake pa mabwalo aakulu amaika nyali zofiira ndi zoyera m'mbali mwa msewu wa ndege: zikaoneka zofiira zokhazokha, woyendetsa amadziwa kuti watsika mopitirira muyeso. Ma bakkie sangakuuze zimenezo. Anawonjezeranso kuti maso amafuna mphindi pafupifupi 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala kwa tabuleti kumafafaniza kuzolowerako m'kanthawi kochepa.

Anandiuzanso za kafukufuku amene anachitika pa University of Illinois ku America mu 1954. Anatenga oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire kuuluka ndi mageji okha, n'kuwatchinga kuti asaone kunja. Onse analephera kuiwongolera ndege, ndipo pa avereji zinawatengera masekondi 178 okha. Mphindi zitatu zosakwana. Ndinawerengera mumtima nthawi imene inadutsa kuchokera pamene mzere wa dziko unasowa kufika pamene injini inayamba kukwera mawu, ndipo ndinaona kuti ife sitinali osiyana ndi anthu amenewo.

Chinthu china chimene sindinkachidziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti okwera ambiri sachidziwa, n'chakuti chiphaso choyendetsera ndege si chimodzi. Ku South Africa munthu angathe kulandira chiphaso choyamba atauluka maola 45, ndipo chimenecho chimamulola kuuluka masana, kunja kukuoneka bwino. Kuuluka usiku kuli ndi maphunziro ake ndi chilolezo chake. Kuuluka m'mitambo kapena muutsi, modalira mageji okha, kulinso ndi maphunziro ena aatali ndi mayeso ake. Kunyamula anthu olipira kumafunanso chiphaso china. Ife tikamva kuti uje ndi payiloti timangoti wamaliza zonse. Ngakhale amene ali ndi chilolezo cha usiku, usiku wopanda mwezi kudera lopanda magetsi amakhala ngati ali mumtambo, ngakhale thambo lilibe mtambo.

Nditayamba kuchira ndinkawerenga pa foni za ngozi zofanana ndi yathu, mwina pofuna kudziwa kuti sitinali tokha. Pa 16 July 1999, John F. Kennedy Jr., mwana wa pulezidenti wakale wa America, ananyamuka ku New Jersey pa ndege ya Piper Saratoga ndi mkazi wake Carolyn ndi mlamu wake Lauren Bessette, kulowera ku chilumba cha Martha's Vineyard. Nawonso anachedwa kunyamuka mpaka kunada. Pamwamba pa nyanja panali chifunga chopyapyala, mzere wa dziko sunkaoneka. Kennedy anali atauluka maola pafupifupi 310, ndipo maphunziro ouluka ndi mageji okha anali asanamalize. Ofufuza sanapeze vuto pa ndegeyo. Anati anasokonezeka mutu, osadziwa kumwamba ndi pansi, mpaka ndege inazungulira n'kulowa m'nyanja. Onse atatu anafa. Ndalama anali nazo, ndege inali yamakono, aphunzitsi abwino anali nawo. Khutu lake linali lofanana ndi langa.

Okonda mpira akukumbukira Emiliano Sala, wosewera wa ku Argentina amene timu ya Cardiff City inali itangomugula kuchokera ku Nantes. Pa 21 January 2019 anakwera ndege ya Piper Malibu usiku kuchoka ku Nantes kupita ku Cardiff, ndipo inagwera m'nyanja ya English Channel. Ofufuza anapeza kuti woyendetsa analibe chilolezo chouluka usiku, analibenso chiphaso chonyamulira anthu olipira, komanso kuti utsi wa poizoni wochokera ku injini unalowa m'ndegemo. Amene anakonza ulendowo analamulidwa mu 2021 kukakhala kundende miyezi 18. Sala analowa m'ndege ija monga ndinalowera ine, ndi chikhulupiriro chakuti amene wakhala pa chiwongolero akudziwa zimene akuchita.

Pa 10 June 2024, nditamva kuti ndege imene munali Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu yasowa, kenako n'kupezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndinadwala ngati ngozi yanga yachitika dzulo. Ija inali ndege ya asilikali, inkauluka masana, ndipo nkhani yake ndi ina. Koma mawu amene ankabwerezedwa pa wailesi, akuti kunja sikunkaoneka bwino, kwa ena anali mawu chabe a zanyengo. Ine ndinkadziwa mmene windo la kutsogolo limaonekera likasanduka khoma.

Abwana aakulu anabwera kuchipatala maliro atatha. Anakhala pampando pafupi ndi bedi langa nthawi yaitali osalankhula, chipewa chili m'manja. Ndinkaopa kuti andifunsa chifukwa chimene ndinapulumukira ine. M'malo mwake anandifunsa ngati mwana wawo anavutika. Ndinawauza zoona, kuti sanatsitsimuke, ndiponso kuti mpaka kumapeto ankalimbana kuti atipulumutse tonse awiri. Anagwedeza mutu. Kenako anati, "Ndine ndinaimika ma bakkie aja. Ndikanangonena kuti sindiyatsa magetsi, akanagona konko." Sindinawayankhe. Anandilipirira chipatala chonse, ndipo ntchito yanga anaisunga mpaka ndinayamba kuyenda ndi ndodo. Kamsewu ka ndege kaja anakalima chaka chotsatira.

Pampu ija inapezeka m'katoni yake, yosaphwanyika. Makaniko wa pa famu yoyandikana nayo anaimanga pa makina patapita masiku, ndipo chimanga chonse chinakololedwa. Palibe lole imene inabwerera yopanda katundu chifukwa cha kuchedwako.

Panopa ndimatsimphina, ndipo kukazizira chitsulo chija chimandikumbutsa kuti chilipo. Sindingathe kukhala m'chipinda chamdima wa bii, ndimayenera kuona kanthu kowongoka, kaya mzere wa chitseko kaya windo, apo ayi mutu umayamba kuzungulira. Ndege sindinaileke. Ndinakwerapo yaikulu popita kumudzi, ndipo sindinaope, chifukwa ndikudziwa kuti kutsogolo kumakhala anthu awiri amene anaphunzitsidwa kusakhulupirira matupi awo.

Achimwene ndi achemwali amene mukugwira ntchito m'mafamu ndi m'malo ogona alendo okaona nyama, kumene timandege timeneti n'tosasowa, tsiku lina wina adzakuuzani kuti kwerani, tifika msanga. Musanakwere funsani kuti tikafika dzuwa lili pati, osati tinyamuka lili pati. Ngati mudzafike kutada, funsani ngati woyendetsayo ali ndi chilolezo cha usiku ndi chouluka ndi mageji okha, komanso kuti anaulukapo liti komaliza mumdima. Funsani ngati kuli mwezi, ngati kuli utsi kapena chifunga, ndiponso ngati kumene mukukaterako kuli magetsi enieni a bwalo la ndege. Mukachedwa pa zimene munapitira, dziwani kuti ulendo wobwerera wasanduka wina, wofunika kuuganiziranso poyambira. Mkulu wophunzitsa uja anandiuza kuti woyendetsa ndege wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa, amawayankha mosangalala, chifukwa amakhala atadzifunsa kale yekha. Akakwiya, kapena akaseka n'kunena kuti njira akuidziwa, tsitsani chikwama chanu mukafune pogona. Ngati ndi abwana anu, auzeni mwaulemu kuti mubwera pa basi mawa.